Nambewe Watsuka Miyala

Pa Chezi ponse mukafunsa nyumba yaukhondo, anthu amakulozerani kwa Faines Nambewe. Mayi ameneyu, abale, ngakhale poto wa nyemba amamukwecha mpaka munthu n'kudziona nkhope. Pabalaza amapaka polishi Loweruka lililonse, ndipo mlendo akalowa ndi nsapato amamusekerera ndi pakamwa pokha, maso ali kumapazi. Ndiye taganizani, mayi wotereyu kumuikira thanki ya ndere pabalaza pake!

Anaiika ndi amuna ake, a Gideoni. Iwowa anakhala ku Joni zaka makumi awiri, mumzinda wa Durban, akugwira ntchito m'sitolo ya nsomba zoweta m'magalasi, zija zongoonerera, zosadya. Anzawo pobwerera kumudzi amabwera ndi galimoto kapena chigayo. A Gideoni anabwera ndi magalasi, pampu, matumba a mchere wopangira madzi a m'nyanja yaikulu, ndi miyala yabowobowo yokulunga m'nsanza zonyowa. Anamanga thanki yaitali ngati benchi, anakhoma sola padenga kuti pampu isamaime magetsi akathima, n'kuikamo miyala ija. Nsomba ayi. Chaka chathunthu anthu ankabwera kudzaonerera madzi ndi miyala, ndipo pamsika anawapatsa dzina loti Oweta Miyala.

"Nsombayo ikubwera," ankatero a Gideoni. "Koma nsomba ya mtundu wa mandarini saiika m'nyumba yopanda chakudya. Sidya za m'paketi. Imadya tamoyo tokhatokha, timapodi, ndiye tiyambe taswana kaye."

Timapodi timeneti ndi tizilombo ta m'nyanja, tating'ono ngati fumbi la ufa woyera. Kuti tichulukane, a Gideoni anaika kathanki kena pansi pa yaikuluyo, kodzaza ndere, komanso mabotolo asanu a madzi obiriwira pawindo, amene ankathirako kapu imodzi m'mawa uliwonse. Akamafotokoza, Faines ankamva ndi khutu limodzi. Kwa iye zonsezo zinali uve basi, uve wokhala pamalo a alendo.

Nsombayo inafika mu Julaye. Anaibweretsa ndi a Solomoni, mnzawo wa ku Lilongwe amene amasamalira thanki yonga yomweyi pa hotela ina. Inali kanthu kakang'ono ngati chala, kamizeremizere ya buluu, yobiriwira ndi yachikasu chofiirira. Sinkasambira ngati nsomba zinzake. Inkangodumphadumpha pamiyala, kujompha apa, kujompha apo, tsiku lonse osapuma. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwini wakeyo sankaiona. Maso onse awiri a a Gideoni anali atachita ng'ala, ndipo akagunditsa mphuno pagalasi ankangoona kachithunzi kakuyenda m'chifunga. Zaka zitatu ankakana opaleshoni, ati akuopa mpeni. Nsombayo itangofika, anaimbira okha mwana wawo Talandira wa ku Lilongwe kuti awapezere tsiku kuchipatala.

Madokotala anati ayamba diso limodzi, linalo pakatha milungu iwiri, ndipo masiku onsewo akhale pafupi, kwa Talandira. Ponyamuka, a Gideoni anamugwira dzanja mkazi wawo n'kupita naye pa thanki.

"A Nambewe, sopo asayandikire pano. Madzi akatsika muonjezere kufika pamzerewu. Ndipo m'mawa uliwonse muziyang'ana pagalasi, pakona iyi. Mukuona timadontho toyera tikuyenda?"

Faines anawerama. Tinalipo ndithu, tambirimbiri, tikuthamangathamanga.

"Ndiwo zake ndi timeneto. Ndizikuimbirani."

Ananyamuka Lolemba. Lachiwiri kunabwera uthenga woti Lachinayi amayi a Chigwirizano adzafika kudzapemphera naye chifukwa cha opaleshoniyo, pamodzi ndi amayi busa. Faines anaima pakati pa balaza n'kuyang'ana nyumba yake ndi maso a mlendo. Miyala ija inali bii, yoterera, yomera ubweya. Kathanki kapansi kanali ngati chithaphwi cha kudambo. Mabotolo a pawindo ndiye musanene. Anakumbukira mayi Luckness, mlembi wa Chigwirizano, amene tsiku lina ananunkhiza m'mwamba n'kufunsa mokoma mtima kwambiri ngati achule sawasokosa. Ayi, zimenezo zisachitikenso pamaso pa amayi busa.

Lachitatu anadzuka ndi mphamvu. Anavuula miyala yonse, anaithira madzi owira, anaikwecha ndi burashi yochapira mpaka m'timabowo, n'kuiyanika pathandala padzuwa. Sopo sanagwiritse, zimenezo anazikumbukira bwinobwino. Ndere anakataya kudzala. Madzi obiriwira aja anati avunda, ndipo anawakhuthulira kuseri kwa khitchini. Kansomba kanabisala pakona, pamchenga, kali phee. Za timapodi sanadandaule nazo. Nyerere ukazisesa m'mawa, si madzulo zabwerera?

Madzulo anabwezeramo miyala ili mbee.

Amayi aja atafika anaima pakhomo n'kuwomba m'manja. "Eee, a Nambewe! Tsopano ndiye yakhala ya kuhotela!" anatero mayi Luckness. Amayi busa anajambula ndi foni. Tisabise, Faines anakondwa tsiku limenelo, anakondwa mpaka kuyambitsa yekha nyimbo.

Lachisanu foni inalira m'mamawa. Opaleshoni yoyamba inali itayenda bwino, ndipo mawu a a Gideoni anali a munthu wokhuta.

"Tayang'anani pakona paja. Tilipo?"

Faines anawerama. Anaona kamodzi. Anapukuta galasi ndi chitenje, anayang'ananso, n'kuona kachiwiri. Basi.

"Tilipo," anatero.

"Tambiri?"

"Eee, tambiri."

"Chabwino. Koma mukaona tikuchepa mundiuze msanga, musachedwe. Solomoni atipatsa miyala ya m'thanki yake, ndipo Talandira abweretsa tsiku lomwelo. Timabisala m'miyalamo ndi m'nderemo, ndiye mwala umodzi wamoyo umabwera ndi mudzi wonse."

Faines anakhala pansi, pasimenti yake yopaka polishi. M'miyalamo ndi m'nderemo! Kodi mawu amenewa sanawamvepo? Anawamva, mwina kakhumi, koma ankawamva akupukuta tebulo. Apa ndiye anadziwa kuti madzi owira aja anawathira pankhokwe ya nsomba. Mawu oti anene anali pakamwa penipeni, ndipo akanangowatulutsa, miyala ikanafika dzuwa lisanalowe. Koma anaganiza za Talandira akumvetsera pambali, za a Solomoni akupukusa mutu, za nkhani ikufika pamsika kuti mkazi wa Oweta Miyala waphika miyala. Manyazi anamugonjetsa. Anafunsa ngati diso likuwawa, n'kutsanzika.

Anadziuza kuti akonza yekha, mwakachetechete. Anathamangira kudzala, koma ndere ija inali itauma, yosakanikirana ndi phulusa ndi makoko a mbatata. Anasinja usipa n'kuwazamo pang'ono. Ufawo unatsika kudutsa pamphuno penipeni pa nsomba, iyo osautembenukira n'komwe. Anayesa chikasu cha dzira. Anakatunga mphutsi za udzudzu mumgolo wa kuseri, koma zinangofa ndi mchere, ndipo anazivuula ndi sefa ya tiyi. Kansombako kanapitiriza ntchito yake, kudumpha, kujompha, kudumpha, kujompha, pamiyala yopanda kanthu.

Foni inkalira m'mawa uliwonse. Funso linali lomwelo, yankho lomwelo. Bodza la tsiku loyamba linali lolemera, la tsiku lachisanu linatuluka lokha, ndipo zimenezi n'zimene zinamuchititsa mantha koposa. Tsopano sankangobisa za miyala. Ankabisanso mabodza a dzulo ndi dzana, ndipo tsiku lililonse kuulula kunkakulirakulira. Lamulungu kutchalitchi mayi Luckness anauza amayi ena pabwalo kuti apite akaphunzire ukhondo kwa a Nambewe. Faines anangoseka pang'ono, n'kunamizira mutu kuti abwerere msanga.

Iye amene kale sankaima n'komwe pa thankiyo, tsopano ankakoka mpando n'kukhala pamenepo mpaka tiyi kuzizira. Anaidziwa nsombayo bwino lomwe. Anaona kuti maso ake amatembenuka lililonse palokha, ndiponso kuti ikaima zipsepse za m'mbali zimanjenjemera osaleka. Anaonanso zimene sankafuna kuona. Mlungu wachiwiri mimba inalowa m'kati ngati wina waitsina. Kenako m'mbali munatuluka mzere wa fupa, kuchokera kumutu mpaka kumchira. Faines ankailankhula, "Idya, mwanawe, idya chilichonse," koma mandarini samva Chichewa.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri chitsukireni, anaipeza itagona pamchenga, ikungopuma. Foni inalira.

A Gideoni anali pachisangalalo. Diso lachiwiri analichita dzulo lake, likadali lomata, koma loyamba lija linali litayera. "A Nambewe, ndawerenga nambala ya minibasi ili kutsidya kwa msewu! Ndaona kuti Talandira ali ndi kachipsera pachibwano, inu munandiuzapo? Lachitatu ndikubwera, ndidzaione ndi maso anga." Anaseka, kenako anafunsa monga mwa masiku onse. "Tilipo?"

Faines anayang'ana kansomba kaja. Kanayesa kudzuka, kanapendama, n'kugweranso pamchenga.

"Palibe," anatero. "Abambo a Talandira, palibe ngakhale kamodzi. Ndinatsuka miyala. Ndi madzi owira. Ndere ndinataya, mabotolo ndinakhuthula. Kunkabwera amayi a Chigwirizano."

Pafonipo Faines ankamva wailesi ikulankhula chapatali m'nyumba ya Talandira.

"Liti?"

"Lachitatu loyamba lija."

"Loyamba," anabwereza a Gideoni. "Nsombayo ili bwanji?"

"Yagona."

"Zimitsani nyali ya thanki. Musathiremo kanthu. Tikubwera lero."

Anafika cha m'ma 3 koloko masana. Faines anawaona akutsika minibasi kumsewu, Talandira atanyamula ndowa yovindikira, a Gideoni ali patsogolo ndi thonje padiso, akuyenda mofulumira opanda ndodo. Faines anafuna kuthawira kumunda. Anaima pakhonde, manja atawapinda m'chitenje.

Nsombayo inali itafa dzuwa lili paliwombo. Faines anaivuula n'kuiika pa sosala ya alendo, poti sanadziwe poti angaiike. Pofika nthawiyi mitundu yonse ija inali itazilala. Inangotsala yotuwa, yopyapyala, yosasiyana kwenikweni ndi katemba kouma.

A Gideoni ananyamula sosalayo n'kupita nayo pawindo. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo latsopano. Kenako anatembenukira ku thanki, kumiyala yoyera mbee ija, ndipo pomaliza anayang'ana mkazi wawo. Patapita zaka zambiri, aka kanali koyamba kumuona nkhope bwinobwino, ndipo Faines anayang'ana pansi.

"Ku Durban ndinaziona mazanamazana," anatero, "koma zinali za abwana. Yanga inali iyi." Anaika sosala patebulo. "Inali yotani? Inu munaiona."

Faines anayesa. Ananena za buluu wa pamsana, za mizere yokhotakhota ngati ya chitenje, za kadontho kobiriwira pansi pa diso lakumanzere kamene kunalibe kumanja. Misozi inayamba kugwera pasimenti. "Ndalakwa," anatero. "Ndinachita manyazi."

"Zotsukazo sindikudandaula nazo kwambiri," anatero a Gideoni, mawu ali pansi. "Ndinu a Nambewe, ndinakukwatirani ndikudziwa. Mwina inenso sindinafotokoze bwino. Koma ine ndinali wosaona, ndipo ndinabwereka maso anu. M'mawa uliwonse ndinkafunsa."

Sanakalipe. Faines akanakonda akanakalipa, mwina akanapezapo poyankha. Iwo anangovula jekete, anapinda malaya, n'kuuza Talandira kuti avundukule ndowa. Munali miyala itatu yakuda, yoterera, yonunkha nyanja. Anaiika m'thanki umodziumodzi, pakati pa yoyera ija, ndipo anati pakatha chaka mwina yonse idzakhalanso ndi moyo. Madzi a m'ndowa anadonthera pasimenti, ndipo Faines sanatenge chikolopa.

M'mawa mwake anawaphikira tiyi n'kupita naye pabalaza. Anawapeza atawerama pakona ya thanki, akutsinzinira, poti diso limodzi linali lisanazolowere tinthu tating'ono. Faines anayandikira, ndipo kuchokera pamene anaimapo ankationa ndithu, timadontho titatu kapena tinayi tikuyenda pagalasi. Anatsegula pakamwa kuti anene.

"Talandira!" anaitana a Gideoni, osatembenuka. "Tabwera udzandiyang'anire apa. Tilipo?"

Talandira anali kubafa, ndipo anayankha kuti adikire pang'ono. A Gideoni anati adikira. Faines anaima pomwepo, kapu ili m'manja, mpaka mwanayo anatuluka.