Thobwa la Anthu a mu Foni

Njovu itapha amayi ake m'munda ku Chifunda, Darius anatsala ndi mantha amodzi. Ntchito yolondera chimanga pansanja usiku inali itagwera mlongo wake, Ennie. Iye ndi mwendo wake wolumala sakanatha kuthawa ngakhale mbuzi yolusa.

Chomwe anali nacho ndi foni. M'mawa uliwonse ankadzikoka kukwera chulu cha kuseri kwa tchalitchi, pokhapo pamene netiweki imagwira. Anaika pa Fesibuku chithunzi cha chitenje cha amayi chili m'matope, pambali pa phazi la njovu, n'kulemba kuti: tatopa kudikira, Loweruka tikumba tokha ngalande kuzungulira minda, bwerani ndi makasu.

Nkhaniyo inayaka ngati moto wa lupsa. Anthu a ku Lusaka, a ku Kitwe, ena a kutsidya kwa nyanja, onse analira naye.

"Akuti bwanji?" anafunsa azakhali ake, a Jestina, atasuzumira pafoniyo.

"Akuti tili nanu. Akuti tifika."

"Angati?"

"Osawerengeka, azakhali."

Ku Chifunda munthu akati ndifika pa dima, amafikadi ndi khasu lake paphewa, ndipo woitana dima wopanda thobwa amakhala nyimbo ya pachitsime. A Jestina anakokota m'nkhokwe chimanga chonse chomwe chikanawafikitsa ku zokolola. Darius anawaona akusinja. Anadziwa kuti chala chodina pafoni si phazi loyenda. Koma chiikire maliro kanali koyamba kumva azakhali akuimba pamtondo, ndipo anangowasiya asinje.

Loweruka migolo ya thobwa inandandalika pamthunzi. Anafika a Bornwell, oyandikana nawo munda, ndi akazi awo, ndi anthu ena ochepa a m'mudzimo, omwe akanabwera ngakhale popanda foni. Dothi lamakande linkamata makasu. A Jestina maso anali kumsewu.

"Manje abale ako a mu foni ali kuti, iwe Darius?" anatero a Bornwell akupukuta thukuta. "Kapena akubwera pa ndege?"

"Mwina akokoloka pa Luangwa," anayankha akazi awo. Anthu anaseka, kenako anasiya msanga.

Dzuwa litapendeka, ngalande inali yolekeza m'mawondo, kutalika kwake ngati manda awiri. A Bornwell anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Njovu ikafika apa iti tayikumbira pomwera madzi."

A Jestina anapita pamthunzi paja. Anavundikira migolo ija mmodzimmodzi, ili yodzaza.

Darius anakwera chulu. Mauthenga anali mbwee. Tumizani zithunzi. Ndinu ngwazi. Ntchito ikuyenda bwanji? Ena anali atasamukira kale ku nkhani ya mpira.

Anamva mapazi kumbuyo. Anali Ennie, atavala jekete ya amayi, chitini choopsezera njovu ndi ndodo yochiimbira zili m'khwapa, chikho cha thobwa m'manja.

"Imwani, achimwene, lisanasase. Anzanu aja samwa."

"Usapite, Ennie."

"Ndisapite? Nkhokwe ili mbee. Chikadyedwa cha kumundachi tidya chiyani, foni?"

Anamusisita phewa, monga ankachitira amayi, n'kutsika kulowera njira ya kumunda. Darius anamuperekeza ndi maso mpaka jekete ija inamira m'chimanga.

Foni inanjenjemera m'dzanja. Wina wa ku Ndola anali atalemba kuti, limbani mtima, tili nanu.