Mthuthuthu Wovala Chitenje

Ku Chawama aliyense ankadziwa kuti kuseri kwa nyumba ya ba Chibwe kuli mthuthuthu wofiira wa ku Italy, ndipo aliyense ankadziwanso kuti suyenda. Nkhuku zinkaikira mazira pansi pake. Ba Chibwe anaugula ali mnyamata kwa mzungu wina wokonza misewu amene ankabwerera kwawo, ndipo masiku amenewo akadutsa nawo, ngakhale oledzera ankasiya kukangana n'kucheuka. Koma ana atabadwa, mthuthuthu unakankhidwira kuseri, n'kugona tulo tofa nato.

Tsono mwana wawo wamkazi, Mwango, atatsala pang'ono kukwatiwa ndi Dalton wa ku Chilenje, anawapempha chinthu chimodzi chokha.

"Batata, sinifuna vambiri. Pa tsiku la ukwati munkhale kutsogolo kwa mamotoka onse na mthuthuthu wanu, munifikitse ku tchalitchi. Munanilonjeza nikali mwana."

Kunena zoona, ba Chibwe lonjezolo sankalikumbukira. Koma ndi bambo uti angauze mwana wake kuti waiwala? Anangoti, "Uzayenda, mama," n'kupita kukathamangitsa nkhuku.

Ntchito inalipo, abale. M'makabuleta onse awiri, momwe petulo amasakanikirana ndi mpweya, petulo wakale anali atauma ngati ulimbo. Anawamasula, kuwaviika m'parafini, kuuzira timabowo take ndi pakamwa mpaka milomo kuchita dzanzi. Mu ekizozi mavu anali atamangamo mudzi wathunthu. Mapulagi anakawapeza ku Kamwala, kwa wogulitsa masipeya amene anawaseka kaye mpaka kugwira m'mimba. Gasiketi sinapezeke paliponse, choncho anaidula okha pa pepala lolimba ndi sizasi ya ba Sophia, akazi awo, ndipo mlandu wa sizasiyo sunathe mpaka lero.

Koma chimene anachisamala kuposa zonse ndi nthiti za injini, tizitsulo topyapyala tija tondandalikana mozungulira. Mthuthuthu umenewu ulibe redieta, sumwa madzi ayi. Umazizira ndi mphepo yokha ikamadutsa m'nthitimo. Ba Chibwe anakhala pa kampando ndi mswachi wakale, kukolopa mpata uliwonse, mpaka zitsulo zinayamba kuwala. Tsiku limene anaponda kiki injini n'kutsokomola, kenako n'kubangula, azimayi a pa mpopi anasiya zigubu zikusefukira. Mkulu uja analira misozi osabisa.

Loweruka la ukwati anatuluka m'nyumba atatchena suti, n'kuima chilili pakhomo. Mthuthuthu unali utavala. Injini yonse inali itakulungidwa ndi chitenje chatsopano, chomangidwa mfundo yolimba pansi pa thanki. Pambali pake panaima ba Chilekwa, mlongo wawo wamkulu, amene anachokera ku Kasama kudzalangiza mkwatibwi.

"Imwe ba Chilekwa, mwachita chani?"

"Nauveka. Mamotoka onse avala maliboni. Ichi cheka chiyende maliseche pa ukwati wa mwana wathu, nthiti pabwalo monga galu wa njala? Bantu bazakamba kuti banja yathu ilibe vitenge."

"Koma uyu ufuna mphepo."

"Na ine nifuna mphepo, koma navala."

Inu, pa tsiku la ukwati bambo wa mwana amakhala mlendo m'nyumba mwake. Azakhali akanena, anena. Ba Chibwe anayang'ana kwa ba Sophia kuti awathandize, ba Sophia anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Mkulu uja anadzitonthoza yekha. Kunja kunali kachisanu, ku tchalitchi ku Chilenje si kutali, ndipo akangolowa mumsewu waukulu athamanga, mphepo ilowa ndi pansi.

Anaiwala za Rex, wojambula vidiyo. Rex anagwada kumbuyo kwa kagalimoto kopanda denga, patsogolo penipeni pa ba Chibwe, kamera ili paphewa.

"Pang'onopang'ono, ba mudala! Osathamanga, chithunzi chizaonongeka!"

Mdipiti wa ukwati unatuluka m'komboni ngati ukupita kumanda. Mahutala ali pipiii, nthungululu zili lululu, ana akuthamangira m'mbali n'kumawapitirira. Ba Chibwe ankamwetulira anthu, koma m'miyendo ankamva kutentha kukukwera. Kenako injini inayamba kugogoda m'kati, ngo ngo ngo. Kenako fungo. Atafika pa mphambano ya msewu waukulu anapeza maminibasi atathithikana, ndipo anaima. Utsi unatuluka m'chitenje. Mthuthuthu unatsokomola kawiri n'kuzima pakati penipeni pa mphambano.

Mmene anthu a minibasi amachitira mumawadziwa. Aliyense anafuna kuzemba, wina kumanja, wina kumanzere, ndipo posakhalitsa panalibenso woyenda. Galimoto ya mkwatibwi inatsekeredwa pakati, kutsogolo basi, kumbuyo lole ya makala.

Ba Chibwe anakoka chitenje chija, chitapsa n'kuda mbali imodzi. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa, pofuna kuthandiza, anathamanga ndi ndowa ya madzi.

"Osathira! Injini izang'ambika!" anakuwa ba Chibwe, n'kudumphira patsogolo pa mthuthuthu manja ali tambalala.

Madzi onse anathera pa suti.

Ali chiimire akudontha, ba Sophia anafika foni ili m'manja, nkhope itagwa.

"Bashi Mwango," anatero kwa amuna awo, "abusa akuti ukwati wina wafika kale pa geti. Tikachedwa futi azayamba na beve, ndipo bakasiliza bayenda ku maliro. Ise ni tsiku lina."

Apa ba Chibwe mtima unawawa kwambiri. Mwana anapempha chinthu chimodzi, ndipo chinthu chomwecho ndicho chinkamuonongera tsiku lake. Anagwira nthiti za injini n'kuchotsa dzanja msanga. Kuuliza uli wotentha chonchi kukanakhala kuupha.

Ba Chilekwa anatsika m'galimoto, n'kubwera akukankha makondakitala ndi zigongono. Anayang'ana chitenje chawo chopsereracho, anayang'ana mchimwene wawo wonyowa.

"Chibwe, ichi chintu chako chifuna chani kuti chiuke?"

"Mphepo, ba Chilekwa."

"Mphepo chabe? Nanga osakamba?"

Ba Chibwe anangosuntha n'kuwapatsa malo. Munthu wanzeru amadziwa mlandu woti autaye.

Azakhali aja anaomba m'manja kawiri. Azimayi onse a ukwati anatsika, atavala zitenje zofanana. Wina anatenga chivundikiro cha poto pa mphatso za mkwatibwi, wina thireyi, wina anang'amba katoni. Mayi wa zitumbuwa anapereka chikupiziro cha mbaula yake. Anazungulira mthuthuthu n'kuyamba kuukupiza monga mmene amakupizira makala akakana kuyaka, kungoti lero ankafuna moto uzime. Ba Chilekwa anayambitsa nyimbo ya ukwati, manja n'kumayendera nyimboyo. Kondakitala wina amene ankatukwana anapezeka wavula jekete, nayenso akukupiza. Okwera m'mabasi anatulutsa mitu m'mawindo akuseka, mafoni ali m'mwamba, ndipo Rex ankajambula akuvina.

Ba Chibwe anagwada, anayang'ana oilo, anamasula mapulagi n'kuwapukuta ndi mpango wa m'thumba la suti. Patapita nthawi ananyowetsa chala ndi malovu n'kukhudza chitsulo. Sichinalire. Anakwera, anaponda kiki. Zii. Nyimbo inaima. Anapondanso ndi thupi lonse, ndipo mthuthuthu unabangula mpaka mayi wa zitumbuwa anagwetsa ndowa.

Nthungululu zinamveka mpaka ku msika. Koma magalimoto anali chitsekekere, ndipo woti awamasule panalibe.

Pamenepo chitseko cha galimoto ya mkwatibwi chinatseguka. Mkwatibwi, monga analangizidwira, sayenera kudzutsa mutu kapena kuyankhula mpaka atafika. Mwango anatsika atanyamula diresi lake loyera m'manja, mutu uli chilili.

"Batata, nikwera."

Anthu onse anayang'ana kwa ba Chilekwa. Azakhali aja anapuma mozama. Kenako anatola chitenje chopserera chija, anakulunga diresi lonse m'chiuno mwa mwana n'kumanga mfundo kuti lisalowe mu tcheni. Ba Chibwe anamasula helemeti yachiwiri imene anamangirira kumbuyo, yoti pobwerera adzakweze ba Sophia, n'kuivundikira pa tsitsi limene a ku saluni analivutikira m'mawa wonse.

"Mayo, tsitsi!" analira ba Chilekwa, koma iwo omwe ndiwo anamanga lamba wa pachibwano.

Anadutsa pakati pa mabasi, makondakitala akupinda magalasi kuti apite. Atatuluka m'chipwirikiticho msewu unatseguka, ndipo ba Chibwe anapotoza dzanja. Mphepo inalowa m'nthiti zija, kulira kwa injini kunayera, suti inayamba kuuma pathupi. Kumbuyo Mwango ankaseka mokweza, kuseka kwa kamwana, atawagwira m'chiuno zolimba.

Atayamba kuona nyumba za ku Chilenje m'pamene chinthu china chinawalasa mumtima. Miyezi yonseyi maganizo awo anali pa makabuleta ndi magasiketi. Sanaganizepo kuti ntchito yonseyo ankakonza chinthu chokasiyira mwana wawo kwa eni ake. Analakalaka atachepetsa liwiro, atazungulira njira yaitali. Koma abusa ankadikira, ndipo anathamanga.

Pa geti la tchalitchi anthu anapatuka. Dalton anali pakhomo thukuta lili kamukamu, abusa pambali pake akuyang'ana wotchi. Ba Chibwe anaima, n'kuzimitsa injini. Zitsulo zotentha zinayamba kulira pang'onopang'ono, ti, ti, ti.

Manja a Mwango sanamasuke.

"Tafika, mama."

"Niziba, batata," anatero mwana uja, helemeti itatsamira pamsana pawo. "Lekani uzizire pang'ono."

Ba Chibwe anagwira manja aja ndi dzanja limodzi, linalo n'kulikweza kwa abusa kuti adikire. Abusa anayang'ana bambo ndi mwana wake, ndipo anatsitsa mkono wa wotchi.