Jenerale wa m'Sitima ya Golosale

Sitima imene Procopio Lagarde ankaphikamo inali ndi dzina la nyenyezi, koma amalinyero a sitima zina ankangoitcha Golosale. Inali ya gulu lankhondo la Amereka ndithu, yopakidwa utoto wotuwa ngati zinzake, mzinga uli kumbuyo. Koma mzingawo ntchito yake inali yoyanikapo masokosi. Zinzake zikamathamangira kokaombera, Golosale inkabwera m'mbuyo ili wefuwefu, itasenza ufa, nsapato, waya ndi nyama yam'zitini.

Chakumapeto kwa 1944 kunamveka kuti katundu wotsatira apita naye ku chilumba cha Leyte, kwawo kwa Procopio, kumene anachoka nkhondo isanayambe. Mtima wake unathamangira kwa bambo ake, Tatay Ambrosio, katswiri womenyanitsa atambala, munthu amene ankayamba wasambitsa tambala iye asanasukusule. Aliyense ankadziwa kuti asilikali a Japan anadya chilichonse chanthenga m'midzimo. Nanga mwana akafike chimanjamanja? Sitima itaima pachilumba cha Manus, Procopio anasinthanitsa zitini za mapichesi ndi tambala wofiira, wakhosi lalitali ndi maso aukali, namutcha Jenerale. Anamukweza m'sitima ali m'thumba la anyezi.

Lamulo la Kaputeni Dunleavy linali lakuti chamoyo chosavala yunifolomu chisapezeke m'sitimamo. Tsono tambala lamulo alidziwira kuti? M'mawa mwake, Procopio akuthira khofi, kunamveka kokoliriko kuchokera kosungira mbatata.

"Lagarde, chimenecho n'chiyani?" anafunsa kaputeni.

"Ndi makina okwezera katundu aja, bwana. Auma, akufuna girisi."

Tsiku lonse amalinyero anakhalira kupaka girisi, dzuwa likuswa mtengo, akutukwana makina osalakwa. Kutacha makina aja analiranso, ulendo uno mpaka kukupiza mapiko.

"Makina ako ndawaona," anatero kaputeni. "Ali ndi miyendo iwiri. Madzulo ano ndiwapeze m'mbale."

Procopio anachita mantha zenizeni, chifukwa tambalayo ndiye anali moni yense amene anakonzera bambo ake. Koma Mulungu sagona. Pamzinga paja, pakati pa masokosi, panatera chimbalame cham'nyanja, chotopa ndiponso chopusa. Procopio anachipotola khosi, nachiwiritsa kuyambira masana ndi jinja, adyo ndi viniga. Kaputeni anatafuna mpaka nsagwada kuwawa.

"Yakoma, koma bwanji ikumveka nsomba?"

"Nkhuku za ku Manus zimakulira kugombe, bwana."

M'mawa, kokoliriko! Kaputeni anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Lagarde, dzulo ndadya ndani?"

"Bwana, ine ndinaphika. Amene akulirayo mwina ndi mzimu wake."

Kaputeni anayesa kukwiya koma zinamukanika, anaseka mpaka kutsamwa. Amalinyero anaiwala za girisi, nam'manga Jenerale kampango kakuda kam'khosi ngati kawo komwe. Basi, chamoyo chavala yunifolomu, lamulo linenanso chiyani? Anamupatsa malo pafupi ndi mzinga.

Pofika ku Leyte ndege za adani zinabweradi, ndipo mzinga uja unalira koyamba, masokosi n'kuuluka. Sunalase kanthu. Jenerale anakwera pabokosi la zipolopolo nalira ngati wagwetsa ndege ndi iye. Nkhondo yonse ya Golosale inathera pomwepo, ngakhale amalinyero ake pofotokoza ankaitalikitsa ndithu.

Katundu akutsitsidwa, Procopio anapempha tsiku napita kumudzi, tambala ali m'khwapa. Nyumba zambiri zinali zitapsa, koma ya kwawo inali chiimire. Amayi ake, Nanay Felisa, anakuwa dzina lake lapaubwana, nam'gwira masaya uku akulira.

"Kopyong mwana wanga! Waonda iwe! Azunguwo sakudyetsa?"

Mimba ya Procopio inali itatsogola, koma mayi ndi mayi.

"Nanay, kodi Tatay ali kuti?"

"Kumunda wa kokonati. Thamanga, amangokutchula."

Procopio anamangirira Jenerale pa umodzi wa mizati imene inanyamula nyumba yawo m'mwamba, osanena kanthu, pofuna kuti bambo ake adzadzionere okha. Anawapeza ataonda, tsitsi lonse mbuu. Anakumbatirana nthawi yaitali, kenaka nkhalambayo inayamba kumuonetsa mtengo uliwonse umene unapulumuka.

"Tatay, tiyeni kunyumba. Ndakubweretserani chinthu, koma sindinena."

"Ngati ndi zitini zanu zija, udya wekha. Nyama yopanda fupa ndi nyama imeneyo?"

Atayandikira kunyumba anamva fungo la jinja ndi papaya wamuwisi. Procopio anaima. Pamzati paja panali chingwe chokha, kampango kakuda katapindidwa bwinobwino pambali, nthenga zofiira zili mbwee.

Nanay Felisa anatuluka ndi mphika, nkhope ikuwala ngati ya mtsikana.

"Nkhuku wabweretsayi njolimba, mwana wanga, koma ndalimbana nayo. Nkhondo yonseyi ndinkalota ndikukuphikira msuzi umenewu. Koma nkhuku ndikanaitenga kuti? Khalani pansi, uzizira."

Anakhala pansi. Tatay Ambrosio anavuula mwendo mumphika, nautembenuza, nayeza fupa lake ndi chala monga ankachitira kubwalo la atambala. Anayang'ana nthenga zija, kenaka mwana wake. Procopio anangogwedeza mutu. Misozi inalengeza m'maso mwa nkhalambayo.

"Ameneyu akanagwetsa onse mpaka kumzinda wa Tacloban," ananong'ona.

"Mukunong'onezana chiyani pamenepo?" anafunsa Nanay Felisa.

"Ndikuti tsabola wachuluka, mayi, wandilowa m'maso." Anaika mwendo uja m'mbale ya mwana wake. "Idya, Kopyong. Amayi ako akukuyang'ana."

Procopio anadya. Chimene chinamupweteka koposa n'chakuti Jenerale anali wokoma, ndipo amayi ake atamufunsa ngati awonjezere, anapereka mbale.