Phulusa la a Wilf

Amuna anga, a Wilf Gaukroger, ndinawasunga m'chitini cha mabisiketi. Kowotchera maliro anandipatsa phulusa lawo mumtsuko wapulasitiki wosaoneka bwino, ine ndinati ayi, munthu amene misomali yake yonse ankasunga m'zitini sangagone m'chimenecho. Ndinawakhuthulira m'chitini n'kuwaika pashelefu m'kanyumba kawo ka zitsulo, pafupi ndi Enid.

Enid ndine, komanso Enid ndi kainjini ka sitima koyendera malasha, kolekeza m'maondo, kamene a Wilf anakapanga okha kuyambira ana athu akukwawa mpaka imvi zitawamera. Ndinkachita nako nsanje ngati mkazi mnzanga, sindibisa. Mawilo ake ankagona patebulo, ife mbale zili pamiyendo. Nditaona kuti sindingakagonjetse, ndinaphunzira kukayendetsa.

Kalabu yathu ya timasitima anaiyambitsa ndi anthu a kufakitale ya nsalu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha. Anatolera zitsulo zotayidwa n'kuyala kanjanji kozungulira paki yonse, ndipo mpaka lero Lamlungu lililonse timakweza ana m'timabogi. Mwambo wathu ndi woti mnzathu akatisiya, kafosholo kamodzi ka phulusa lake timakaponya pamoto wa injini yake pokwera chitunda cha kuseri kwa dziwe, kuti atuluke ndi utsi. Njanji ya pachitundapo anaiyala ndi a Wilf adakali mnyamata. Kuchipatala sanandiuze zoti amandikonda, sanali munthu wa zimenezo. Anangoti, "Pachitunda paja, Enid. Koma ndense, wamva? Usandigawe, wina ku chumuni wina kumanda."

Vuto linali a Norris Pilling, wapampando watsopano, munthu wa chipewa choyera amene injini yake imawala ngati galasi chifukwa siyenda. Kuseri kwa chitunda kunali kutamangidwa nyumba zatsopano, ndipo eni ake ankadandaula kale za utsi pazochapa zawo.

"Mayi Gaukroger, za mwambo uja tiiwale," anatero a Norris. "Akamva kuti tikuwathira munthu pazofunda zawo, khonsolo itithamangitsa muno. Wochita zimenezo abweze kiyi wa pabwalo la injini, achoke m'kalabu."

"Zinayamba ndi ziti, a Pilling, njanji kapena zofunda?"

"Komiti yagamula."

"Komiti yake ndi inu ndi chipewa chanucho."

Mtima unandiwawa zedi. Munthu anathera moyo wake wonse akugwada m'matope a pakiyo, lero wasanduka litsiro lodetsa zovala za alendo!

Lamlungu ndinalawirira ana asanafike. Anzathu anali kale pabwalo loyatsira moto, aliyense atawerama pa injini yake, kapu ya tiyi ili pambali. Ndinayatsa Enid, nthunzi n'kukwera. Nditakhala pabogi n'kuika chitini pamiyendo, onse anatembenuka kundiyang'ana. A Norris anatulukira kukhitchini ya kalabu ali ndi mbendera yofiira.

"Muli chiyani m'menemo, mayi?"

"Mabisiketi. Mulawako?"

Ndinaliza wezulo n'kunyamuka.

Kakhomo ka moto wa Enid n'kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo fosholo yake siposa supuni ya tiyi. A Wilf anali chimunthu, chitini chinali chodzaza. Ndinadziwa kuti a Norris sandilola kuzungulira kachiwiri, choncho nditangofika patsinde pa chitunda ndinatsegula nthunzi yonse n'kuyamba kuponya. Enid anati tchu tchu tchu, utsi wotuwa n'kutuluka, ine misozi ili chuchuchu. Ndinaponya, ndinaponyanso, dzanja osapuma. Moto unafiira, kenako unada. Phulusa linautsamwitsa. Tili pakatikati pa chitunda Enid anausa moyo n'kuima, chitini chisanafike n'pakati pomwe.

A Norris anadutsa pakapinga osafulumira n'komwe, mbendera ili m'mwamba.

"Mwaona? Ngakhale injini yakana. Tsikani mayi, bweretsani kiyi."

Ndinakumbatira chitini. Sindinatsike, koma manyazi anandigwira kuti ndawalephera a Wilf pamaso pa munthu ameneyu.

Kumbuyo kunalira wezulo. Anali a Cedric Ollerenshaw, mnzawo wa a Wilf amene anakangana nawo moyo wonse za mafuta oyenera kuthira m'mawilo. Anaima injini yawo itagunda bogi yanga, n'kutsika movutikira ndi chiuno chawo chija.

"Alamu, mwaidyetsa ngati nkhumba bwanji?" anatero. "Mkuluyu anali wouma mutu ali moyo, mumayesa alowa pakhomo limodzi? Tatsegulani chitinicho."

Anapisa kafosholo kawo, n'kutapa.

"A Cedric, mukudziwa chimene komiti yanena!" anakuwa a Norris.

"Makutu anga anafa kale, achimwene. Mukuti chiyani?"

Kumbuyo kwawo kunali kutaima ena ndi injini zawo: a Brenda Haythornthwaite, a Desai opuma pantchito ya udokotala wa mano, a Alwyn a chifuwa chosatha. Aliyense anabwera ndi kapu yake ya tiyi, kukhuthula tiyi pansi, n'kutapa a Wilf. Ine ndinatokosa moto, kugwetsa zotsamwitsa, n'kuthira malasha atsopano. A Cedric anatsegula nthunzi n'kundikankha mpaka pamwamba.

"Ndikuchotsani nonse!"

"Chotsani bambo," anayankha a Brenda akudutsa. "Anawo muziwabereka kumsana."

Tinazungulira motsogozana, aliyense kafosholo kamodzi pachitunda, moto uli woyera, monga zimayenera kukhalira. Mayi wina wa kunyumba zatsopano anasuzumira pampanda, anaona nkhalamba zitavula zipewa, n'kuyamba kuanula zovala zake mwakachetechete. Kaya akadandaula kukhonsolo kaya ayi, ine sindinamufunse.

Kafosholo komaliza kanali kanga. Ndinagogoda chitini kuti pasatsale kanthu m'makona, ndinaponya, ndipo Enid anakwera yekha osakankhidwa. Tinyenyeswa totuwa tinagwera pamkono wa juzi yanga, sindinasase.

Nditafika pasiteshoni ana anali atayamba kufola. A Norris anali chilili, chipewa chija chitachita mathothomathotho. Anatambasula dzanja.

"Kiyi, mayi Gaukroger."

Ndinawaika chitini m'manja.

"Kiyi simuiona. Koma ichi sungani bwino pashelefu ya kukhitchini, musaikemo shuga. Chidzabweranso pachitunda pompaja, m'kati muli ine."