Mwana wa Mpunga wa Saodah

Chilumbacho, chimodzi mwa zing'onozing'ono za m'nyanja ya Malaka, chinali ndi phiri pakati, kokonati m'mbali, ndi dambo limodzi lokha lomera mpunga. Angerezi atachiyeza ndi unyolo wawo anapeza kuti phiri silingalimike ndipo nyanja singaume, choncho anasankha dambo. Deraman, mmodzi mwa olima m'dambomo, anaimva nkhaniyi Lachisanu potuluka mumzikiti: mpunga ukangokololedwa, madzi achotsedwa, pabzalidwa mitengo ya mphira.

Kunyumba sanakanene. Amuna ambiri amabisa nkhani chifukwa cha mantha chabe, koma Deraman anali ndi mwayi wobisala kuseri kwa mwambo. Inali nyengo yotenga mwana wa mpunga, ndipo m'nyumba yoyembekezera mwana simunenedwa zoipa. Mzimu wa mpunga ndi wamantha, ukamva umathawa.

Chaka ndi chaka mkazi wake Saodah ankalowa m'munda atabisa kampeni m'chikhatho kuti mpunga usakaone, n'kudula ngala zoyamba, kuzikulunga m'nsalu yoyera, n'kubwera nazo kunyumba pansi pa ambulera. Akazi onse ankatero. Koma enawo ankangogoneka kamtoloko pamkeka n'kuthamangira kukalalatira ana awo enieni. Saodah analibe womulalatira. Iye ankakhala m'chikuta ndithu, kuyenda monyang'ama, kupirikitsa nkhuku kunsi kwa nyumba kuti zisadzutse mwana. Palibe ankamuseka, ngakhale apongozi ake amene ankaseka chilichonse.

Chaka chimenecho, tsiku lotuluka m'chikuta, Saodah anaiyamba yekha nkhaniyo.

"Abang, mwamuna wanga, zikhomo zofiira zili m'munda zija n'zomangirirapo njati yolimira?"

"Kaya. Mwina."

"Njati yathu inayamba liti kufuna zikhomo zolembedwa manambala?"

Deraman anayang'ana kudenga, koma denga silinam'thandize.

"Mwanayu amasakanizidwa ndi mbewu kuti abwerere m'matope," anatero Saodah. "Ndiye ndikam'siya kuti? Pansi pa mphira?"

"Mpunga wa ku Siam wadzaza m'sitolo, Odah. Sitifa ndi njala."

"Ndafunsa za njala ine?"

Mawuwa anamulasa Deraman, ndipo anachita manyazi. Anapita ku boma kukadandaula. Kumeneko anam'patsa mpando, ndipo ndi chokhacho chimene anam'patsa.

Kuseri kwa nyumba kunali bwato lakale lobooka limene nyanja idalikana kalekale. Deraman analikokera pafupi ndi makwerero olowera m'nyumba yawo ya pansanja, namata mabowo ndi phula, nayamba kututa matope a m'dambo pa dengu okumba ngalande asanafike. Anansi anasonkhana kudzaonerera, poti ntchito ya mnzako ndi yokoma kuiona.

"Deraman, ulendo wa ku Maka wasankha kudzera pamtunda?" anafunsa mmodzi.

Iye anangopitiriza kututa.

Bwato litadzaza, Saodah anatsika, nalizungulira, nalowetsa chala m'matopemo.

"Ndi pochepa."

"Mwanayo ndi mmodzi," anayankha Deraman.

Chaka chotsatira, timitengo ta mphira titafika m'chiuno, Saodah anadula ngala zake m'bwatomo, kampeni kali m'chikhatho. Kuchoka pabwato kufika pamakwerero panalibe mtunda woti dzuwa n'kuwotcha munthu. Deraman anatambasulabe ambulera, nawatsatira pambuyo mayi ndi mwana.