Tsiku Limene Tinabwerera pa Chitseko cha Adokotala

Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi, ndipo tsiku lonse ndimakhalira kuuza anthu kuti amwetulire. Ana a eni ake amamwetulira bwinobwino. Wanga yekha ndiye ayi. Timamutcha Kaphethi, chifukwa ali khanda ankaphethira pa chithunzi chilichonse, ndipo pano ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Akafuna kuseka amayamba waika dzanja pakamwa. Nsagwada yake ya m'munsi inakula kupitirira ya m'mwamba, moti akaluma, mano apansi amatulukira kutsogolo. Kusukulu anzake anamupatsa dzina limene sindingalibwereze pano, ndingaswe chinthu.

Lachiwiri lapitali tinapita naye kwa dokotala wowongola mano, ine, iye ndi mayi ake. Ndinayesetsa kuzemba. Ndinati kusitudiyo kwachuluka ntchito, ndinati mutu ukundiwawa, ndinati galimoto ikulira mwachilendo. Mayi ake anangoti, "Bambo ake Kaphethi, valani nsapato." Ndinavala.

Chimene ndinkazembera ndikuuzani. Kaphethi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, dokotala wa mano amene anamuzula dzino logwedera anatipatsa kalata. Anati pa msinkhu umenewo mwana ayenera kukaonedwa ndi wowongola mano, ngakhale mano aubwana asanathe kuguluka, makamaka wathuyu poti nsagwada zake sizinkayendera limodzi. Mayi ake anawakaniza tchuthi kufakitale kumene amasoka mayunifolomu, ndiye ulendo unagwera ine.

Kupita tinapita ndithu. Tinakwera masitepe mpaka pa chitseko chagalasi. Ndisanachikankhe, foni inalira. Mnzanga wina wojambula wadwala, mwambo wa omaliza maphunziro ukuyamba pakatha ola limodzi, kodi ndingakagwire m'malo mwake? Ntchito ngati imeneyo ndinali nditaisakasaka kwa zaka. Ndili m'kati mosinkhasinkha, mwana anandikoka malaya.

"Ababa, zipweteka?"

Ine, chitsiru cha munthu, ndinaona potulukira. "Ukuopa eti? Basi, ngati ukuopa tiye tibwerere. Sindingakukakamize mwana wanga."

Sanalire, sanakane, anangofunsa funso. Tsiku lonselo anakhala pa mpando wakumbuyo m'holo akunyambita aisikirimu, ine ndikuthamangathamanga ndi kamera. Pobwerera ndinamuuza kuti, "Amayi tikawauze kuti adokotala ati mano awongoka okha. Ukakanena kuti unaopa akakukalipira." Anavomera ndi mutu. Kunyumba bodza ndinalinena ndekha, mayi ake mtima n'kukhala pansi. Ndinkati ndidzapita naye sabata yamawa. Kenako ndinkachita manyazi kuti adokotala akandifunsa chifukwa chimene sitinabwerere, ndipo mapeto ake ndinangosiya kuziganizira.

Ndiye Lachiwiri lija ndinakankha chitseko chomwe chija. Anatilowetsa m'chipinda chaching'ono chonunkha mankhwala. Munali mpando wopendekeka, nyali yaikulu pamwamba pake, ndi shelefu yodzaza mano a pulasitala, aliwonse ndi kapepala kake. Adokotala anali mayi wamagalasi, wolankhula mofatsa, mtundu wa anthu amene sungawapsere mtima ngakhale utafuna. Anamugoneka Kaphethi pampando, anamumanga kansalu pakhosi, anati alume, atsegule, alumenso. Kenako anamutumiza kukajambulitsa mafupa. Chithunzicho chitatuluka pa kompyuta ndinachiyang'ana monga mwa ntchito yanga, kufunafuna pochikonza, koma panalibe.

"Nsagwada ya m'mwambayi inatsalira," anatero adokotala akuloza ndi cholembera. "Mwana akakhala wamng'ono, zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, mafupa awa amakhala akadali ofewa. Timamuika kachipangizo kothandiza kuti nsagwadayi ikule, ibwere kutsogolo. Sindikunena kuti aliyense zimamuyendera, koma ambiri zimawathandiza. Pano mafupa akhwima."

"Ndiye titani?" anafunsa mayi ake.

"Mawaya awongola mano, koma nsagwada sangaisunthe mokwanira. Tidikira amalize kukula, tizimuona pafupipafupi. Ndisakubisireni, mwina padzafunika opaleshoni."

Mayi ake anaimirira, chikwama chili m'manja. Anthu inu, mkazi wanga akapsa mtima salalata, amachita kulankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga.

"Adokotala, mundikhululukire. Mwana uyu anabwera pompano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Munamuona, munati awongoka okha. Lero mukuti tinachedwa?"

Adokotala sanatsutse. Anatembenukira ku kompyuta, anafunsa tsiku lobadwa la mwana, anagogoda mabatani. Ine ndinkayang'ana mano a pulasitala aja ngati ndikufuna kugula.

"Tsiku lake linalembedwadi," anatero. "Koma apa akuti sanabwere."

Mayi ake anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndipo ine, m'malo mogwa pansi, ndinatukula mawu. "Makompyuta anuwa amalakwitsa! Ngakhale yanga kusitudiyo imataya zithunzi tsiku ndi tsiku. Mwina amene ankalemba..."

"Amayi, musawakalipire ababa."

Anali Kaphethi. Anali atadzuka pampando paja, kansalu kali pakhosi, maso ali pansi.

"Ndine. Tinafika pachitseko, ine ndinaopa, ndinakana kulowa. Ababa anangondimvera chisoni. Bodza lija ananenera ine kuti musandikalipire."

"Iwe?" anatero mayi ake. "Zaka zonsezi, iwe?"

Apa ndiye pamene pamandisowetsa mtendere. Ndinakhala chete. Sinali nthawi yaitali, mwina kupuma katatu, koma ndinakhala chete, ndipo mumtima ndinamva kupepukidwa. Eee, kupepukidwa! Bambo wamkulu wandevu zake, ndinaona mwana wanga akusenza mlandu wanga, ine n'kumati mwina zithera pomwepa.

Iye anapitiriza, akupotokola kansalu kaja ndi zala. "Ndiye akamandinena kusukulu sindikuuzani. Ndimangoti ndinazifuna ndekha. Opaleshoniyo ndipanga, amayi, sindidzaopanso."

"Iyayi," ndinatero. "Iyayi, Kaphethi. Sunakane."

Onse atatu anandiyang'ana.

"Unangofunsa ngati zipweteka. Mwana aliyense amafunsa. Ine ndinali nditalandira foni ya ntchito, ndinkafuna kupita, ndiye ndinakuika mawu m'kamwa. Ukanalowa. Dzanja lako linali kale pa chitseko."

Ndinanena zonse, za holo, za aisikirimu, za sabata yamawa imene sinafike. Mayi ake anakhala pansi pang'onopang'ono. Mpaka lero sananene zambiri, bola akanandimenya ndi chikwama chija. Adokotala anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale.

Kaphethi anakhala nthawi akundiyang'ana. Ndinkaona kuti akufufuza tsiku lija m'mutu mwake, akulitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye sindinali ine?"

"Sunali iwe, mwana wanga. Ndinali ine. Pepa."

"Ndinkakumbuka kuti ndinalira."

"Sunalire."

Ndinkayembekezera kuti alira tsopano, kapena andilalatira, ndipo ndikanalandira. Iye anangomasula kansalu kaja, anakapinda bwinobwino, n'kukaika pampando.

"Tsiku lililonse mumandiona ndikubwera kusukulu, ababa. Bwanji simunandiuze?"

Ine amene ndimatha kuseketsa ngakhale mkwati wokwiya, ndinangoima ngati mtengo.

Adokotala anatsokomola pang'ono. Anati ntchito idakalipo yambiri imene ingatheke, ndipo akufuna kumuonanso mwezi wamawa kuti amuyeze mano asanamuike mawaya. Anafunsa tsiku limene lingatiyenere. Ndinafulumira kunena kuti lililonse, nditseka situdiyo, ndibwera naye ndekha m'mawa kwambiri.

Kaphethi sanandiyang'ane. Anagwira mkono wa mayi ake.

"Amayi, mukapemphe tchuthi kufakitale. Mudzandiperekeze ndinu."