Mpope Wopsa

Wendell analowa m'khitchini magazi ali chuchuchu pamwamba pa diso lakumanja, mfuti ya bambo ake ataigwira pakhosi ngati nkhuku yokazingira alendo. Anaigoneka mwamphamvu patebulo, pakati pa mbale za chakudya zimene anansi anabweretsa pamaliro.

"Ali kuti Boyd?"

Mlongo wake Darla ankatsuka makapu, ndipo sanafulumire kucheuka. "Mwamuna wanga akumwetsa ng'ombe. Ng'ombe sizidziwa kuti pakhomo pano pagwa zovuta." Atatembenuka n'kuona magaziwo, anaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Galasi lakuluma? Munthu wamkulu ngati iwe?"

M'chigwa chathu chino cha Wind River, bala limeneli n'lamanyazi. Mfuti yamphamvu ya mtundu wa maginamu imamenya theche ngati bulu, ndipo ukayandikitsa nkhope, galasi loonera patali limakutema pachikope. Timaliona pa alendo a m'tauni obwera kudzasaka ndi nsapato zatsopano. Pa mwana wa a Orval Haugland sitinkayembekezera.

Mayi awo, a Lorna, anali pampando wa pawindo, pamene akhala akukhala chiikireni maliro. "Mwatulutsamo zipolopolo mmenemo?" anafunsa. "Bambo anu amwalira, koma lamulo lawo silinamwalire."

"Mulibe kanthu, amayi. Mulibe chipolopolo, mulibenso mfuti. Aipha!"

Mfutiyi inali ya Wendell kuyambira ali pasukulu ya pulaimale. Chigwa chonse chinkadziwa, chifukwa a Orval ankanena paliponse, kutchalitchi ndi kogula mafuta komwe. Ankaisamala kuposa mmene ankasamalira anthu, ndipo izi ndikunena poyera ngakhale malemu sanenedwa. Thabwa la kuthako kwake ankalipaka mafuta ndi chikhatho, ndipo mwana akalikhudza ndi zala za shuga ankagona ndi njala. Ankaphunzitsa kuti maginamu imawotcha wonga wochuluka pa kabowo kakang'ono, moti chipolopolo chilichonse chimanyambitako chitsulo cha kukhosi kwa mpope wa mfutiyo. Zikakwana chikwi ndi kanthu, mpope watha. N'chifukwa chake iwo ankawombera zowerengeka poyesa galasi nyengo yosaka ikayandikira, kenako chimodzi pa mphalapala, basi n'kuibwezera m'kabati. "Mpope uwu udzandiika m'manda ine, udzaikanso iwe," ankamuuza Wendell.

M'mawa umenewo Wendell, amene anayenera kubwerera kumzinda wa Denver mawa lake, anapita nayo kuseri kwa khola kumene kuli thabwa la chandamale. Zipolopolo zinamwazikana ngati chimanga chowazira nkhuku. Chomaliza chinamusiyira bala. Ataunika mumpope ndi katochi, anapeza kukhosi kwake kutang'alukang'aluka ngati matope a padamu louma.

Boyd analowa akupukuta nsapato, munthu wamkulu thupi koma wofatsa ngati ng'ombe zake zomwezo.

"Alamu, mwatani pamaso?"

"Musandifunse za pamaso. Mfuti iyi mwakhala mukuombera nayo chiyani? Zitini za mowa?"

"Ine? Mfuti imeneyo sindinaigwirepo ngakhale kuisuntha pofuna kusesa."

"Bodza! Mpope wa maginamu supsa wokha m'kabati. Wina wakhala akuipopa ili yotentha, tsiku ndi tsiku, mdala atafooka osatha kuletsa. Munabwera pano ndi kachikwama kamodzi. Msipu mwatenga, thirakitala mwatenga, nyumba mukugonamo. Chinthu chimodzi chokha chimene anandisiyira ine, nachonso mwachinyambita!"

Boyd anavula chipewa n'kuyang'ana mkazi wake. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo iye anali atazolowera ukali wa banja ili.

Kapu imene inali m'manja mwa Darla inagwera musinki n'kusweka.

"Musiye mwamuna wanga. Ndaupsereza ndine."

"Iwe?" Wendell anaseka. "Iwe umadziwa kumene chipolopolo chimatulukira?"

"Ndikudziwa kumene galasi limathera. Ona nkhope yakoyo."

Mawu anatuluka mwa Darla ngati madzi oboola mgula, ndipo palibe anayesa kuwatseka. Ananena za manja a bambo awo, mmene anayambira kunjenjemera zaka zingapo zapitazo, mpaka khofi ankamwera m'kapu yosadzaza. Ananena za chaka chimene mdalayo analasa mphalapala yaikazi m'mimba m'malo mwa pamtima, n'kuilondola m'chipale mpaka tsiku lotsatira, n'kuipeza ikadali moyo. Anabwera kunyumba osadya, osalankhula. Chisanu chitatha, Lamlungu lina pochokera kutchalitchi, anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Darla, tenga jekete."

"Tenga jekete! Basi. Ukukumbuka mmene ndinkalirira pakhomo ilo inu mukukwera galimoto kupita kuphiri? Akuti msasa wa alenje si malo a atsikana. Iwe anakugulira mpeni, nsapato, chipewa. Ine anandigulira chiyani? Mapepala okulungira nyama. Ndiye ndili ndi imvi kale, akuti tenga jekete. Popanda pepani."

"Ndiye n'kumaliza mpope wonse?"

"Lamlungu lililonse, chilimwe chonse, chaka ndi chaka. Ndinkawauza kuti adadi, mpopewu ukutha. Ukudziwa ankati chiyani? Ankati, 'Ombera. Mpope ndi chitsulo. Nyama yolasidwa m'mimba imalira ngati munthu.' Sanandilole kuloza chamoyo mpaka nditaleka kuphethira. Phewa ili linkachita kuda bii."

Wendell anakhala pampando, magazi akudonthera pa kolala. "Nanga nyama ija ankanditumizira?"

"Imene unkadyetsa anzako a ku ofesi n'kumadzitama kuti bambo ako sakalamba? Inali yanga. Yoombera ine, pa chilolezo changa chosakira nyama, yosenda ine ndi Boyd amene ukumutukwanayu. Iwo ankangokhala m'galimoto ndi bulangeti m'miyendo."

"Ankandinamiza."

"Sanakunamizepo," anatero a Lorna. "Iwe ukaimba foni unkafunsa funso limodzi lokha, loti mwapha? Iwo ankati mfuti yapha. Ukanafunsa za manja awo, mwina akanakuuza. Ankachita nawe manyazi, mwanawe. Unkawayang'ana ngati phiri."

Apa munthu wina akanafewa. Koma Wendell anali mwana wa bambo ake, ndipo manyazi akamugwira ankasanduka ukali. Anamenya tebulo mpaka zivindikiro za mbale zinalira.

"Nonsenu munkadziwa! Mwandisandutsa mlendo pa maliro a bambo anga. Koma mfutiyi anandilonjeza ine. Ine! Yopsa, yosapsa, ndikupita nayo."

"Tenga!" Darla anakuwa. "Ukuganiza kuti ndikulimbirana nawe? Kaikitse mpope watsopano, ukaipachike pakhoma anzako azikaijambula. Ndinawapempha kamodzi kokha kuti adule thakolo pang'ono, chifukwa n'lalitali, ndinkachita kusolola khosi ngati tsekwe kuti ndione m'galasi. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti adule mwendo wawo. Akuti, 'Mfutiyi ndi ya Wendell.' Ine ndinali manja obwereka basi. Nyama ndinkagwetsa ndi chipolopolo chimodzi, iwo n'kungoti, 'Tiyeni tisende kusanade.' Ngakhale kamodzi kunena kuti wachita bwino! Ndiye tenga, achimwene. Ndi yako. Inali yako ngakhale pamene inkanditupitsa phewa."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja lonyowa, mokwiya, ngati misoziyo yamulakwira.

A Lorna anadzuka pang'onopang'ono. Anatsegula kabati ya pansi pa windo, mmene amasungamo ulusi ndi mabatani, n'kutulutsamo kachidutswa ka thabwa kochindikala ngati chala chachikulu. Anakaika patebulo pafupi ndi mfuti. Mtundu wake ndi mizere yake zinali zofanana ndi za thako la mfutiyo.

"Ndinkadikira kuti mukhale pansi ngati anthu," anatero. "Koma ndaona kuti ndingafe ndikudikira. Wendell, unakulira pa mfuti imeneyi. Sunadzifunse chifukwa chake galasi lakupeza lero?"

Wendell anakokera mfutiyo kwa iye. Anayang'ana mphira wa kuthako, amene anali womangidwanso ndi misomali yake yomwe ija, koma atapendekeka pang'ono. Anayeza ndi mkono wake kuchokera pachigongono. Mfuti inali yaifupi.

"Mwezi watha, asanagonekedwe kuchipatala, ndinamva sowo m'galaja," anapitiriza a Lorna. "Ntchito yoti munthu wa manja abwino akanaimaliza khofi asanazizire, iwo anaigwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawaletsa, anandikalipira. Asanayambe anabwera muno ndi chingwe choyezera, akuti pinda mkono. Ndikuti mukuyeza bokosi langa kodi? Akuti, 'Khala chete, mkono wa Darla ndi wofanana ndi wako.'"

"Bwanji osandiuza?" Darla anafunsa, mawu atatsika.

"Bambo ako? Kunena chinthu ndi pakamwa? Anati udzaona wekha nyengo ikatsegulidwa. Za mpope anati ukadali ndi mphalapala imodzi ukaiyandikira bwino, kenako ukasinthitse." Anakankhira mfutiyo kwa mwana wawo wamkazi. "Ika paphewa."

Darla anapukuta manja pa thewera. Anaona kaye ngati mulibedi chipolopolo, monga anaphunzitsidwira, n'kuiloza kuwindo, kuphiri. Inakhala paphewa pake popanda kuifunafuna malo, tsaya n'kugwera pathabwa, diso n'kupeza galasi khosi lili phee.

"Nkhalamba youma mutu," anatero, osatsitsa mfutiyo.

Boyd ananyowetsa kansalu n'kupatsa mlamu wake. Wendell anakalandira osayang'ana, n'kukaika pabala. Ndi dzanja linalo anatola kachidutswa kaja n'kukatembenuza. Kumbali yodulidwa kunkaoneka pamene sowo inasochera, n'kubwerera, n'kusocheranso, mano ake atasiya timasitepe m'thabwa limene palibe mwana analoledwa kulikhudza. Anayendetsapo chala chachikulu kuchokera uku kufika uko.

"Aka ndiye kako," anatero mayi ake. "Sanandilole kukataya."

Wendell anakaika m'thumba la malaya, la pachifuwa, n'kumanga batani.